Sabata ino ku labu tinali pa nkhani ya makoma a mabakiteriya

Lolemba ku labu kwathu kuno ku Mchinji kumakhala ngati pa msika, malungo, magazi ochepa, makhololo a anthu owaganizira TB, ena achokera ku Mkanda, ena ku Kapiri, ena mpaka adutsa boda kuchokera mbali ya Chipata. Komanso tili ndi mnyamata wa ku koleji amene wabwera kudzaphunzira ntchito, wachidwi kwambiri, ndiye ndinamupatsa mafinya a chithupsa kuti apange Gram stain, njira yopaka mabakiteriya utoto kuti aoneke, yekha ine ndikungoyang'ana. Utoto wapepo wa crystal violet, ayodini, kutsuka ndi mowa wa mu labu mwachangu, kenako utoto wofiirira wa safranin. Njira imeneyi ndi ya Hans Christian Gram, wa ku Denmark, ya mu 1884, koma mpaka lero ndi imene imatipatsa yankho loyamba dokotala asanachoke pa wodi.

Atasuzumira pa maikulosikopu anaona timipira tapepo titaunjikana m'magulumagulu, mabakiteriya otchedwa Staphylococcus. Ndiye akuti, "Bwana, nanga bwanji iti timaunjikana pomwe tina timakhala pamzere?" Funso limeneli landikhala m'mutu sabata yonse chifukwa yankho lake ndi khoma basi.

Pafupifupi bakiteriya aliyense amakhala atakutidwa ndi khoma lotchedwa peptidoglycan, timizere ta shuga tataliatali tomangidwa tina ndi tinzake ndi timapuloteni tatifupi, lonse n'kukhala chinthu chimodzi chozungulira selo yonse. M'kati mwake pulesha ndi yaikulu, khoma likangofooka amaphulika. Ndiye taganizani, akufuna kugawikana akhale awiri, akuyenera kumanga khoma latsopano pakati uku lakale akulitsegula pang'onopang'ono, osalola kuti liboke. Zili ngati kugawa nyumba pakati ndi njerwa anthu ali momwemo, mvula ikugwa panja, denga osaligwetsa. Amayamba ndi puloteni ina, FtsZ, imene imapanga mkombero pakatikati penipeni pa selo, asayansi anaiona koyamba ikuchita zimenezi mu bakiteriya wa m'matumbo wotchedwa E. coli mu 1991. Mkomberowo ndi umene umaitana ma enzyme omanga, mapuloteni ogwira ntchito m'selo, amamanga kuchokera m'mbali kulowera m'kati mpaka kukumana, kenako ma enzyme ena odula amang'amba khoma latsopanolo pakati kuti awiriwo asiyane. Streptococcus amagawikana mbali imodzimodzi nthawi zonse, n'chifukwa chake amaoneka pamzere. Staphylococcus amasintha mbali ulendo uliwonse, ndiye amaunjikana. Zimene timaona pa silayidi ndi mmene anamangira. Ngakhale mtundu womwewo ndi nkhani ya khoma, lochindikala limagwira utoto wapepo, lopyapyala limautaya n'kutenga wofiirira.

Lachiwiri palibe zambiri, magetsi anathima, jenereta, kudikira, ma fomu.

Lachitatu masana anabweretsa madzi a mumsana a mwana wa ku wodi ya ana, khosi louma, thupi lotentha. Madzi amenewa amayenera kukhala oyera mbee koma awa anali achitumbwitumbwi, kungowaona m'botolo mtima unandigunda. Ndinasiya zonse. Pa silayidi maselo oyera mbwee, ndipo pakati pawo timipira tapepo tili tiwiritiwiri, mabakiteriya otchedwa pneumococcus, tangogawikana koma sitinalekane. Sindinadikire wonyamula ma rizati, ndinapita ndekha kukawauza a dokotala, ndipo ceftriaxone anali atamuyamba kale. Mankhwala amenewa, pamodzi ndi penisilini ndi amoxicillin, amagwira ma enzyme omanga aja, otchedwa PBP, kuti asalumikize khoma. Odula aja akupitirizabe kudula, omanga aima, bakiteriya n'kuphulika pa nthawi yomweyo imene amati achulukane. Ndipo maselo athu alibe khoma lotere, n'chifukwa chake mwana amabayidwa jekeseni wamphamvu chonchi thupi lake osaonongeka nalo. Kuyambira pomwe Alexander Fleming anaona nkhungu ikupha mabakiteriya m'mbale yake ku London mu 1928, malo amene timamenya ndi omwewa.

Lachinayi linali la makhololo a omwe ali kale pa mankhwala a TB. Mnyamata uja anafunsanso kuti bwanji apa tikutenthetsa silayidi ndi moto. Khoma la kachilombo ka TB lili ndi mafuta olimba, mycolic acid, utoto sulowa wamba, ndiye mu njira ya Ziehl-Neelsen timatenthetsa utoto wa carbol fuchsin kuti ulowe, ndipo ukalowa sutuluka ngakhale utsuke ndi asidi. E. coli zinthu zikamuyendera amagawikana pa mphindi 20 zilizonse, ka TB kamatenga maola 15 mpaka 20. Mankhwala a TB, isoniazid ndi ethambutol, amasokoneza mamangidwe a khoma lomwelo, koma kachilombo komanga mochedwa chonchi sungakamalize pa sabata imodzi, miyezi 6 yomwa mankhwala ija si kuti anthu anangoiganiza ayi.

Chimene chinandipweteka ndi cha Lachisanu. Mayi wina akudikira rizati ya malungo ya mwana wake anandiuza mosabisa kuti anamupatsa makapisozi awiri a amoxicillin ogula pa golosale chifukwa cha chimfine, ena awiri wasunga. Sindikuwada mayiwo, thiransipoti yochokera kumudzi ndi yodula ndipo anachita zimene amaona kuti zithandiza mwana. Koma ndinawauza kuti mayi, chimfine chambiri chimabwera ndi ma vayirasi, alibe khoma, kapisoziyo alibe poti agwire. Amene amakumana naye ndi mabakiteriya ena a m'thupi, ofooka amafa, otsala ndi olimba monga aja opanga beta-lactamase, enzyme yodula mankhwalawo asanafike pa khoma, ndipo ndi amenewo amachulukana. Tsiku limene mwanayo adzadwale ngati wa Lachitatu uja tidzafuna mankhwala omwewa agwire. Anangoti "Ooh, sindimadziwa achimwene," n'kufunsa kuti makapisozi otsala aja atani nawo. Ndinawauza abwere nawo awasiye ku famase.