Chotupa cha pakhosi chotuluka mwana akamalira: zoyenera kulembedwa pa fomu ya sikani

Tamaliza dzulo maulendo a kuchipatala ndi mwana, ndiye ndilembe ndisanaiwale. Mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka 7, amatuluka chotupa kumanja kwa khosi akamalira, kutsokomola kapena kuchima kuchimbudzi. Akakhala phee chimasowa. N'chofewa, sichipweteka, ukachidina chimaphwa, ndipo sichigunda ngati mtima. Si mwanabere, si chithokomiro. Ndi mtsempha waukulu wobweza magazi kuchoka kumutu, internal jugular vein, umene watutuma malo amodzi ngati chubu cha njinga. Achipatala amati jugular phlebectasia. Sichipezeka kawirikawiri, chimakonda ana, makamaka anyamata, ndipo chimakonda kumanja chifukwa mtsempha wa mbali imeneyo nthawi zambiri ndi wokulirapo komanso umatsika mowongoka kupita kumtima.

Za buku la kuchipatala ndi mzere wa mamawa mukuzidziwa kale. Chimene ndikupempheni n'chakuti musanachoke pakhomo, jambulani vidiyo pa foni chotupacho chitatuluka. Mwana akafika pamaso pa dokotala amauma ndi mantha, khosi limakhala losalala, ndipo inu mumaoneka ngati mukukokomeza.

Tsiku limene linandiwawa ndi la sikani yoyamba. Kuchoka ku Kasungu mdima usanathe, makilomita pafupifupi 130 pa M1, thiransipoti ya anthu awiri, n'kukhala pa benchi mpaka masana. Pa fomu panangolembedwa kuti ajambule khosi, basi. Wojambula anamugoneka mwana, n'kuyendetsa kachipangizo mwana ali chete, n'kulemba kuti zonse zili bwino. Zoona, mtsempha umenewu munthu akapuma bwinobwino umatha kuoneka wabwinobwino! Ndalama ndi tsiku zinapita chifukwa cha mawu ochepa amene sanalembedwe. Ndinafunsa ngati angabwereze, anandiyankha kuti tikatenge fomu ina kumene tachokera.

Choncho musatuluke m'chipinda cha dokotala musanaone kuti pa fomu palembedwa izi: colour Doppler (sikani yoonetsa mmene magazi akuyendera) ya mitsempha ya pakhosi, mbali zonse ziwiri, mwana atakhala phee komanso akuchita Valsalva. Valsalva ndi kutseka pakamwa ndi mphuno n'kukankha mpweya. Kwa mwana n'kosavuta kumupatsa chibaluni chouma kapena sirinji ya 10 ml yopanda singano kuti auzire. Muphunzitseni kunyumba. Wojambula ayeze kukula kwa mtsempha nthawi ziwirizo ndi kuyerekeza ndi mbali inayo, ndipo asadinikize kwambiri, chifukwa mtsempha wobweza magazi umaphwa ukapanikizidwa pang'ono pokha. Pa sikani ya pakhosi palibe chifukwa chomugoneka mwana ndi njala, mudyetseni.

Ndaiwala china chimene chinayenera kukhala poyamba. Wina aliyense asabaye chotupacho ndi singano kuti aone zimene zili mkati sikani isanachitike, ndipo kumudzi asatemepo mphini. Mkatimo ndi magazi a mtsempha waukulu. Pambali pake, m'chikutiro chimodzi, mukudutsa mtsempha wa carotid wopititsa magazi ku ubongo ndi minyewa ya vagus. Sikani ndiyo imasiyanitsa vutoli ndi zina zotupa pochima, monga laryngocele, kathumba ka mpweya kochokera pakholingo.

Pa ulendo wachiwiri ndinayamba ndi kuonetsa vidiyo ija, ndipo ntchito sinatenge nthawi. Pemphani kuti lipoti linenenso mmene mitsemphayo yakhalira, chifukwa makosi athu safanana mkati. Kwa anthu ambiri jugular imakhala chakutsogolo ndi chakunja kwa carotid, koma kwa ena imagona pamwamba pake penipeni, kwa ena mbali imodzi ndi yaing'ono kwambiri. Alipo ochepa amene mtsemphawu umagawika pawiri n'kulumikizananso m'munsi, ndipo nthawi zina minyewa yoyendetsa phewa, spinal accessory, imadutsa pampata umenewo. Munthu sadwala nazo zimenezi, koma tsiku lomuika kapaipi ka dayalisisi (kusefa magazi impso zikalephera) kapena lomuchita opaleshoni ya pakhosi, dokotala wosadziwa akhoza kubaya carotid kapena kudula minyewa ija, phewa n'kugwa. Lipotilo limatidwe m'buku la kuchipatala, ndipo mulijambulenso pa foni pamodzi ndi vidiyo ija.

Kwa mwanayu dokotala wa opaleshoni anati palibe chodula, azingomuona nthawi ndi nthawi, ndipo ndi mmene zimakhalira kwa ambiri. Koma chotupa chikayamba kulimba, kupweteka, kufiira kapena kusaphwa mwana atakhala chete, n'kutheka kuti magazi aundana mkati. Pamenepo musadikire deti limene anakulemberani, pitani tsiku lomwelo.