Kiriketi pansi pa bwemba

Lolemba, 11 Novembala 2019, pa Ngabu

Kwacha ndi dzuwa lathu lomwe lija. Pofika 8 koloko malata a golosale anali atayamba kale kuthetheka, madzi a mumtsuko ali ofunda. Mitambo ikungounjikana mbali ya mapiri a Thyolo, koma kuno kuchigwa ndi fumbi lokhalokha. Magetsi anathima dzulo madzulo, ndiye ntchito yoyamba inali kukatchajitsa foni kwa mnyamata wa sola pamsika. Mtima unali m'mwamba, chifukwa dzulo ndilo linali tsiku lomaliza la masewero a kiriketi pakati pa Malawi ndi Mozambique, ndipo ndinagona ndisanamve mmene zathera.

Foni itayaka ndinaipeza nkhani ija. Pa masewero 7 a T20 Kwacha Cup (T20 ndi kiriketi yaifupi yotha m'maola atatu), anyamata athu apambana 5, a Mozambique apambana kamodzi, masewero amodzi otsalawo sanafike kumapeto. Anayambira ku Lilongwe Lachitatu pa 6, kenako n'kudzamalizira ku Blantyre. Matimu a amayi a mayiko awiriwa nawonso akumana sabata yomweyi. Ndinawerenga kawiri ndili chiimire, a kabaza akundiimbira belu kuti ndipatuke.

Chimene chandisangalatsa kwambiri si chipambano chokhacho ayi. Aka n'koyamba kuti timu ya amuna ya Malawi isewere masewero olowa m'kaundula wa dziko lonse lapansi. Bungwe la ICC, limene limayendetsa kiriketi ndipo likulu lake lili ku Dubai, linagamula mu 2018 kuti kuyambira pa 1 Januwale 2019 masewero onse a T20 pakati pa mayiko amene ndi mamembala ake aziwerengedwa mofanana. Ndiye kuti run, chigoli cha pa kiriketi, imene mnyamata wathu wathamanga ku Lilongwe yalembedwa m'buku limodzi ndi ya katswiri Virat Kohli wa ku India. Ine amene ndakhala zaka zambiri ndikuchemerera mayiko a eni ake, lero ndili ndi langa.

Cha m'ma 10 kunafika alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Kwawo ndi kutsidya kwa malire, mbali ya Mutarara, ndipo anatulukira pa Marka kudzagula mbuzi kuno. Asanakhale n'komwe pansi ndinati, "Alamu, pepanitu, timu yanu taikwapula kasanu." Iwo anadzidzimuka: "Ma Mambas? Asewera liti ndi Flames?" Nditati ndikunena kiriketi, anandiyang'ana n'kufunsa kuti kiriketiyo n'chiyani.

Funso limeneli landikhala pamtima tsiku lonse. Ngati pali malo amene Malawi ndi Mozambique amagwirana dzanja, ndi kuno. Chisena ndi chimodzi, maukwati timakwatirana, maliro timaikirana. Nthawi ya nkhondo ya kwawo ija, imene inatha mu 1992, abale athuwa anadzaza m'midzi ndi m'misasa ya ku Nsanje, tikudya nawo nsima ya mapira mbale imodzi. Chaka chino chomwe mu Malichi madzi a namondwe wa Idai sanafunse chiphaso, anakokolola uku ndi uko. Koma mayiko awiriwa akumana pabwalo masiku asanu, ife a m'malire osamvako. Ndafunsa makasitomala oposa khumi lero, palibe ndi mmodzi yemwe amene anadziwa. Masewerowa akadali a m'tauni, a m'makalabu ndi m'sukulu zolipira, ndipo sanatsikebe chitunda cha ku Thabwa.

Dzuwa likuswa mtengo tinatseka golosale n'kukakhala pansi pa bwemba kuseli kwa nyumba. Mayi anabweretsa thobwa, ndipo alamu anati ndiwafotokozere kumene ndinachitenga chikondi chimenechi.

Ndinachitenga ku Joni. Ndinagwirako ntchito ya m'gadeni zaka 9, ndipo tsiku limene linandikola ndi Lamulungu pa 12 Malichi 2006. Australia inali itabwera ku South Africa kudzasewera masewero asanu a ma ova 50 (ova ndi mipira 6 yoponyedwa), aja a tsiku limodzi. Anali atagawana awiriawiri, ndiye omaliza pa Wanderers ku Johannesburg ndiwo anali odula mlandu. Abwana anandiitana kuti ndidzaonere nawo pa TV. Australia inayamba kumenya ndipo inaunjika ma run 434 itataya anthu anayi okha, Ricky Ponting yekha 164. Kufikira tsiku limenelo panalibe timu ya dziko imene inafikapo 400 pa masewero otere. Abwana anataya mtima n'kutuluka panja kukasonkha moto wootchera nyama. Ine ndinatsala pampando.

Zimene ndinaona masana amenewo sindidzaiwala. South Africa italowa kumenya, Graeme Smith anamenya 90, Herschelle Gibbs 175 pa mipira 111 yokha, mpira ukungogwera m'khamu la anthu. Koma anthu ankatuluka mmodzimmodzi, mpaka pa ova yomaliza, woponya ali Brett Lee, waliwiro ngati mphenzi, pakufunika ma run 7. Munthu wachisanu ndi chinayi atatuluka panatsala mipira itatu ndi ma run awiri, ndipo wolowa anali Makhaya Ntini, amene ntchito yake inali kuponya, osati kumenya. Akanangotuluka, zonse zikanathera pomwepo. Anaukankhira mpira pambali n'kuthamanga run imodzi, zigoli zafanana. Mark Boucher anamenya wotsatirawo mpaka kumalire a bwalo. South Africa yapambana ndi 438, kutatsala mpira umodzi. Abwana analowa akukuwa, mphanda ya nyama ili m'manja.

Ndinawauza alamu kuti amene ananditenga mtima sanali Gibbs koma Ntini. Mxhosa wa m'mudzi wa Mdingi ku Eastern Cape, anakula akuweta ng'ombe wopanda nsapato. Munthu wina woyendera midzi kufunafuna ana aluso ndiye anamuona. Mu 1998 anakhala wakuda woyamba kusewerera South Africa, ndipo popuma anali atatulutsa anthu 390 m'masewero a Test, aja a masiku asanu. Ndikuyankhula chomwecho, ng'ombe zinali kudutsa kumsewu kupita kokamwa madzi, kamnyamata kakuzikusa ndi miyala, mwala uliwonse ukugwera pomwe kakufuna. Alamu analoza ndi mlomo osanena kanthu.

Cha m'ma 4 kutayamba kupepukako ndinati kufotokoza pakamwa sikukwanira. Ndinazula thabwa pa benchi yothyoka n'kulisema ndi chikwanje kuti likhale ndi chogwirira. Nthaka yauma gwa, timitengo titatu ta wiketi, timene womenya amateteza, sitikanalowa, ndiye ndinaimika kireti ya zakumwa. Mpira weniweni ndi wachikopa, wolimba, wolemera magalamu pafupifupi 160, ndipo mwana wopanda zotchinga m'miyendo ungamuvulaze. Ndinatenga kampira ka tenesi kamene ndakhala ndikusunga m'sutikesi, n'kukakulunga ndi tepi ya magetsi monga ndinkaonera anyamata a ku Pakistan ogulitsa m'mashopu ku Joni. Ndinayeza mapazi aatali 22 pakati pa woponya ndi womenya, malire n'kukhala mpanda wa oyandikana nawo ndi ngalande ya kumsewu.

Ana safuna kuitanidwa. Ndisanamalize kukulunga mpira anali atakwana khumi ndi anayi, ena mango ali kukamwa. Ndinawauza zochepa chabe: woponya amaponya mipira 6, imeneyo ndiyo ova, kenako amasinthana ndi mnzake. Womenya amateteza kireti, akamenya amathamangira mbali inayo. Mpira ukafika kumalire ukugubuduzika ndi ma run 4, ukadutsa m'mwamba ndi 6, ukawakhidwa usanagunde pansi watuluka. Za LBW, lamulo lotulutsa womenya akatchinga mpira ndi mwendo, ndinazisiya dala, n'zamtsogolo. T20 yeniyeni ndi ma ova 20 mbali iliyonse, anthu 11, woponya mmodzi osapitirira ma ova 4, ndipo imatha m'maola atatu. Ife tinapangana ma ova 5.

Chovuta chinali chigongono. Pa kiriketi sugenda ngati ukugwetsa bwemba, mkono umazungulira uli wowongoka kudutsa pafupi ndi khutu. Anyamata ozolowera kugenda mbalame zinawakanika, mpira umapita kumwamba kapena kugwera pamapazi pawo. Amene anazigwira msanga ndi mdzukulu wanga wamkazi wa Sitandade 6. Poyamba anaima patali, akuti, "Agogo, zimenezi si za anyamata?" Ndinamuuza kuti sabata yathayi ku Blantyre amayi avala yunifolomu ya dziko n'kusewera zomwezi. Anabwera. Mwanayu ndi katswiri wa fulaye, diso lake linazolowera kulonda munthu amene akuzinda, ndiye kireti yongoima inali yosavuta. Mpira wake wachitatu unadumpha kamodzi pansi, n'kudutsa pansi pa thabwa la mchimwene wake wamkulu, kireti phofo! Atsikana onse analumpha ndi nthungululu. Ine misozi inalengeza, ndipo sindikubisa.

Alamu nawo anavula shati n'kugwira thabwa, akuti abwezere dziko lawo. Mipira iwiri anaiphonya, wachitatu anaupeza pakati penipeni, unauluka kudutsa ngalande mpaka m'minga za kutsidya kwa msewu. Ana anakuwa kuti sikisi, sikisi, mawu amene anali atawaphunzira mphindi makumi awiri zapitazo. Tinaupeza mpirawo patapita nthawi, munga utalowa mpaka m'kati, waphwa. Masewero anathera pomwepo, mbali yachiwiri isanamalize kumenya, ndipo ana anakangana mpaka mdima za amene wapambana.

Pa chakudya chamadzulo, nsima ya mlamba wowamba, alamu anati akamabwerera Lachinayi ndiwasemere thabwa lina, akufuna akawaonetse ana a kwawo. Ndavomera, ndipo anayankha ndi mawu awo aja othokoza m'Chisena, takhuta. Mayi akuti benchi yachiwiri ndisaigwire, ndikafune thabwa kwa akalipentala.

Mawa m'mawa ndikaonana ndi aphunzitsi aakulu a pasukulu ya mdzukulu wangayu, ndikapemphe bwalo Lachisanu ana akaweruka, chifukwa pansi pa bwemba pano pachepa ndipo msewu uli pafupi. Ndalankhulanso ndi kondakitala wa minibasi ya ku Blantyre, ndamupatsa ndalama kuti akandigulire mipira ya tenesi inayi ku Limbe ndi tepi ziwiri. Akuti afika nazo mawa madzulo. Magetsi angoyaka kumene, ndipo panja mphepo yayamba kununkhira mvula.