Aiptasia, sabata la 12: mazira aoneka, ndipo ndapeza kumene zimachokera

Usiku wapitawu, cha m'ma 11 koloko, ndinazimitsa magetsi a thanki yanga ya madzi amchere yowetera ma coral n'kuunika ndi tochi kunsi kwa mwala waukulu wa kumanzere uja. Ndinaona kaulusi koyera kopotanapotana, kokakamira pamwala. Mazira a Berghia, tinkhono topanda chigoba timene ndinagula kuti tidye Aiptasia, kanyama kooneka ngati duwa kamene kamamera pamiyala n'kumaluma ma coral! Patha masabata asanu chiikireni tinyamati m'thankimo osaonako ngakhale kamodzi, moti ndinali nditayamba kale kulira ndalama zanga.

Vutoli ndinaliputa ndekha, ndisaname. Aiptasia inali imodzi yokha, inabwera pa ka frag (kachidutswa) ka coral yotchedwa zoa, yaing'ono ngati kanjere. Ine ndi nzeru zanga ndinatenga mpeni n'kuipala, mwala uli m'madzi momwemo. Ndinkadziwa bwinobwino kuti kachidutswa kalikonse ka phazi lake kotsalira pamwala kamaphukanso, koma dzanja linandiyabwa basi. Patatha masabata atatu ndinawerenga kufika 40, kenako ndinaleka kuwerenga.

Chimene chinandidyera masiku ndi kalkwasser, ufa wa laimu wopaka Aiptasia kuti ife. Kusakaniza ufa uja ndi madzi osefedwa a RO mpaka ulimbe ngati mankhwala otsukira mano, kuuika m'sirinji, kuzimitsa mapampu onse, kenako kuyandikira pang'onopang'ono mkono uli m'madzi mpaka m'khwapa. Mukangoikhudza molakwika, psiti, yalowa m'dzenje, inu mwatsala mukupaka mwala wopanda kanthu. Zimene ndinkati zafa zinkatulukiranso pabowo lina patapita masiku anayi kapena asanu, zili tayale ngati sizinaone kanthu. Loweruka lina ndinapsa mtima n'kubaya zoposa 20 nthawi imodzi. M'thanki ya malita 200 zimenezo ndi misala, poti pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya kalk imapitirira 12. Ya m'madzi mwanga inachoka pa 8.1 kufika 8.6, ma zoa anatseka masiku awiri athunthu, ndipo kadontho kamodzi kanagwera pa hammer coral yanga. Chipsera chilipobe.

Za ma peppermint shrimp, tinkhanu timene timadya Aiptasia, ndisachite kuchulutsa. Wogulitsa wina ananditumizira atatu, ine osayang'anitsitsa, kupeza kuti ndi ma camel shrimp, a linunda pamsana aja, osati ma peppermint enieni (Lysmata) ayi. Aiptasia sanaiyang'ane n'komwe, anathamangira ma zoa. Ndinawakola ndi botolo lodula khosi. Kuyambira pamenepo ndinabwerera kwa mkulu amene amandipatsa ma frag kuyambira nthawi ya thanki yanga yoyamba yaing'ono ija. Iwo amakutumizira chithunzi cha chinthu chenichenicho asanachimange m'thumba, ndipo ma Berghia asanu ndi limodziwa anachokera kwa iwowo.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya Lamlungu. Ndinachotsa chivundikiro cha overflow (bokosi lotsitsira madzi kunsi kwa thanki) kuti ndione chimene chimachititsa phokoso, ndiye ndinangoti kakasi. Aiptasia zisanu ndi ziwiri, zonenepa kuposa chala changa chachikulu, zitakakamira papaipi, zikungodya chilichonse chodutsa. Miyezi yonseyi ine ndinkalimbana ndi ana kutsogolo, makolo ali phee kuseri. Paipiyo ndinaimasula n'kuiviika mu viniga usiku wonse, kunja kwa thanki ulendo uno, ndipo mkati mwa bokosimo ndinapukuta madzi nditawatsitsa. Sump, thanki yosefera madzi ya kunsi, sindinaiyang'anebe. Ndikuopa.

Sirinji ndayamba ndaisiya, chifukwa Berghia sadya china chilichonse kupatula Aiptasia, ndipo ana akewo akaswa afunika chakudya. Sixline wrasse, nsomba yanga, akhalabe ku thanki yapadera ya quarantine, iye uja angawatole onse m'mawa umodzi. Chodandaulitsa n'chakuti Aiptasia ikadzatha, tinyamati tidzafa ndi njala. Ndiye ndikuganiza zokonza kathanki kena kowetera Berghia, kutanthauza kuti ndiyambe kuweta Aiptasia mwadala m'botolo, n'kumaidyetsa. Akunyumba sindinawauze. Mwinanso ndingosintha miyala yonse chaka chamawa thanki ya malita 400 ikadzatheka, tiona.