Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Galu wa Madamu Ayambanso Kuyenda

M'gawo lapita lija ndinalekezera pomwe ndinapeza ntchito ya m'gadeni kwa mayi wina wachikulire ku Cape Town. Pakhomopo panali kagalu ka mtundu wa dachshund, kaja kotalika thupi koma miyendo yaifupi. Agalu amenewa vuto lawo ndi msana. Pakati pa mafupa a msana pamakhala timadisiki tofewa, ndiye kwa iwo timauma msanga, ndipo kamodzi kakaphulika kamapanikiza mtsempha waukulu womwe umatenga mauthenga kuchoka ku ubongo kupita ku miyendo. Kathuko kanadumpha pa sofa n'kukuwa kamodzi, pofika madzulo kanali kakukwawa, miyendo yakumbuyo ikungokokeka pansi.

Adokotala a ziweto anakatsina chala ndi kachitsulo, iko osatembenuka n'komwe. Anauza madamu kuti agalu omwe afika posamva kuwawa chotero, amene amadzayendanso akachitidwa opaleshoni ndi pafupifupi theka. Opaleshoni inachitika, koma kumva sikunabwerere.

Madamu anali ndi nyamakazi, sakanatha kuwerama, choncho ntchito inagwera ine. Anandiphunzitsa kufinya chikhodzodzo cha kagaluko m'mawa, masana ndi usiku poti sikankatha kukodza kokha, komanso kukatembenuza kuti kasatuluke zilonda. Pambuyo pake kunayamba kubwera mayi wina wa zolimbitsa thupi za ziweto. Iwowa anandionetsa kukulunga thawulo pamimba, kukakweza pang'ono kuti mapazi aponde pansi ndi kulemera ndithu, kenako kusuntha mwendo uliwonse ndi dzanja mosinthanitsa. Sabata iliyonse tinkakapititsa pa treadmill ya m'madzi, makina okhala ndi lamba woyenda yemwe galu amapondapo ali m'madzi.

Tsiku lina ndinafunsa: “Mayi, ngati mawu a ubongo sakufika kumiyendo, tikuphunzitsa ndani?” Anandiyankha kuti tikuphunzitsa msana, ndipo anandiuza ndikawerenge za amphaka.

Ndinawerengadi pafoni, usiku ndikaweruka. Mu 1911, Thomas Graham Brown ku Liverpool anaonetsa kuti mtsempha wa msana wa mphaka umatha wokha kuyendetsa miyendo mosinthanitsa, ngakhale utadulidwa kuti usalumikizane ndi ubongo. Mu 1987, Hugues Barbeau ndi Serge Rossignol ku Montreal anaonetsa kuti amphaka akuluakulu odulidwa mtsemphawu, akamawayendetsa pa treadmill tsiku ndi tsiku, amafika posenza okha kulemera kwa mbuyo yawo n'kumaponya miyendo. Gulu la Reggie Edgerton ku Los Angeles linapezanso kuti mphaka wophunzitsidwa kuima amaima bwino koma kuyenda kumamuvuta, ndipo ukasiya kumuphunzitsa kuyenda kwa miyezi ingapo luso lija limabwerera m'mbuyo. Mtima umandiwawa ndikaganiza kuti amphakawo ankawadula dala. Komabe popanda iwo palibe akanadziwa kuti phazi likaponda pansi ndipo ntchafu ikatambasukira kumbuyo, msana umamva n'kuyankha ndi sitepe ina.

Zimenezi zinandisintha kagwiridwe. Poyamba ndinkakweza thawulo kwambiri chifukwa cha chisoni, mapazi n'kumangolendewera. Nditamvetsa, ndinayamba kutsitsa, n'kumasankha pa kapinga pomwe sipoterera. Patapita miyezi yambiri, mwendo wakumanzere unadziponya wokha dzanja langa lisanaugwire. Wakumanja unatsatira mochedwa. Kenako kanayamba kudzuka kokha n'kuyenda modzandira ngati mwana wa mbuzi wongobadwa kumene, pokhota n'kumagwa. Chala chija ukachitsina sikankamvabe, ndipo chikhodzodzo ndinkafinyabe. Madamu analira, n'kundiwonjezera malipiro ndisanapemphe.

Ine maganizo anga anali kumudzi ku Ntcheu, kwa amalume omwe anachita ngozi ya njinga yamoto ndipo anali chigonere pamphasa. Ndinanenanso ndi mayi a zolimbitsa thupi aja za iwo. Anandichenjeza mosabisa kuti munthu si mphaka: amayenda ndi miyendo iwiri ndipo amadalira ubongo kwambiri, choncho maphunzirowa amathandiza makamaka amene mtsempha sunaduke wonse. Anati ndifunse ngati amalumewo amamva kapena kugwedeza kalikonse m'munsimu.

Usiku womwewo ndinaimba foni. “Amayi, tapitani mukawagwire amalume kuphazi, muwafunse ngati akumva.” Ndinadikira foni ili kukhutu. Amayi anabwerera n'kunena kuti akumva, ndiponso chala chachikulu chakumanja amachigwedeza pang'ono. Mwezi umenewo ndalama zomwe ndinkasungira malata ndinazitumiza kuti zikhale thiransipoti yopita nawo ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, chipatala chothandiza anthu opuwala ziwalo ndi zolimbitsa thupi. Za ulendo umenewo ndi zomwe anakapeza kumeneko ndidzakufotokozerani m'gawo 10.