Kope la pakauntala ndi mabuku 17 ochokera ku Japan

Kashopu kathu kali ku Zomba. Tinakatsegula kuti tizigulitsa makope, zolembera ndi mafayilo komanso kupanga fotokope, ndipo mpaka lero ndalama ya lendi imachokera kumeneko. Zobwereketsa mabuku zinayamba mu 2019, mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg atabwera kudzationa n'kusiya buku lake pampando wa m'shopu. Mnyamata wina amene ankadikira mapepala ake analitola n'kuyamba kuwerenga, ndipo pasanapite nthawi anali atafa nalo phwete. Mapepala atatha sanafune kunyamuka. "Anti, ndisiye foni yangayi ikhale chikole, buku ndibweza mawa." Foni sindinalandire, koma buku ndinamupatsa. Analibweza patatha masiku atatu atatsagana ndi anzake awiri, onse akulifuna.

Bukulo linali gawo loyamba la KonoSuba, nkhani imene analemba Natsume Akatsuki wa ku Japan, ndipo zithunzi zake anajambula Kurone Mishima. Mabuku a mtundu umenewu amawatcha light novel. Nkhani yake imakhala ya m'mawu, yodzaza ndi anthu akuyankhulana, yosavuta kutsatira, ndipo kumayambiriro kumakhala zithunzi zamitundu, mkatimo zina zochepa zakuda ndi zoyera. Ambiri amasokoneza ndi manga, koma manga nkhani yonse imayenda ndi zithunzi. Wolembayo anayamba kuiika pa intaneti mu 2012, patsamba la Shōsetsuka ni Narō pamene anthu wamba amaikapo nkhani zawo kwaulere. Kampani ya Kadokawa inayamba kuisindikiza mu 2013 ndipo gawo lomaliza, la 17, linatuluka mu 2020. Ife timawerenga ya m'Chingerezi yosindikizidwa ndi kampani ya Yen Press, imene inayamba kutuluka mu 2017, womasulira wake Kevin Steinbach.

Imakamba za Kazuma, mnyamata wongobindikira m'nyumba, amene amafa ndi mantha akuganiza kuti wagundidwa ndi lole pamene chinali thirakitala yoyenda pang'onopang'ono. Mulungu wamkazi dzina lake Aqua amamuseka, kenako amamuuza kuti apita kudziko lina kukalimbana ndi mfumu ya ziwanda, ndipo asankhe chinthu chimodzi chopita nacho. Chifukwa cha mkwiyo Kazuma amasankha Aqua yemweyo. Mavuto onse amayambira pamenepo.

Mlongo wanga atanditumizira magawo ena anayi pabasi, ndinayamba kulipiritsa kangachepe pa sabata ndi kulandira chikole. Kope la chikuto cholimba ndinaligula kuti ndizilembamo mayina ndi masiku. Tsiku lina mtsikana wina pobweza buku analemba pansi pa dzina lake kuti Aqua akanakhala mnzake wogona naye chipinda chimodzi akanasamuka. Wotsatira anamuyankha pomwepo. Sabata isanathe tsamba lonse linali litadzaza. Ndinagula kope lina la maganizo okhaokha, n'kuika lamulo loti wobweza buku aliyense akalemba mizere iwiri, ulendo wotsatira ali ndi tsiku limodzi laulere. Bizinesi yobwereketsayi yaima pa kope limeneli kuposa pa mabuku enieniwo, chifukwa ndi limene limandiuza choti ndiode, woti ndimubwereke chiyani, ndi chimene chikubweza anthu m'mbuyo.

Ine ndinkayesa kuti anthu azisekera matsenga, achule aakulu ngati ng'ombe omeza anthu, kapena makabichi ouluka amene mudzi wonse umathamangitsa pa nthawi yokolola. Zimenezo analemba ndithu. Koma chimene chinadzaza masamba ambiri ndi umphawi. Kazuma ndi Aqua amafika m'tauni ya Axel alibe ngakhale ndalama yolembetsera ntchito, mpaka Aqua kukapempha kwa wansembe wa mulungu mnzake. Amagona m'khola la akavalo, masana akugwira ganyu yomanga. Kumapeto kwa gawo loyamba amagonjetsa mdani wamkulu, mphoto yake ma eris (ndalama za m'dzikolo) 300 miliyoni, koma chigumula chimene Aqua waitana chimagwetsa mpanda wa tauni, ndipo amatsala ndi ngongole ya 40 miliyoni. Mnyamata wina amene amaponda matope pa nyumba zomangidwa kuno analemba kuti aka kanali koyamba kuwerenga za ngwazi imene imapambana nkhondo n'kudzuka m'mawa ili ndi ngongole, ndipo anaseka mpaka nthiti kuwawa chifukwa mwezi womwewo malipiro ake onse anathera kwa wakatapila. Mawu amenewo ndinawawerenga kangapo. Kuyambira pamenepo munthu akandifunsa kuti bukuli ndi la chiyani, za ziwanda sindiyambira. Ndimamuuza kuti ndi la anthu anayi osauka amene akulephera kutuluka m'ngongole, ndipo ambiri amalitenga.

Pa za anthu anayiwo mkangano sutha. Megumin, kamtsikana kamene kamadziwa tsenga limodzi lokha lophulitsa, kamaliponya kamodzi pa tsiku kenako n'kugwa pansi osatha kuyenda, ali ndi omukonda ambiri m'kope lathu. Aqua amagawa anthu pakati. Ena amati ndi mtima wa nkhani yonse, ena amati kulira kwake kumawatopetsa pofika gawo lachitatu. Koma maganizo amene anasintha kachitidwe kanga anachokera kwa atsikana, pa nthabwala zina za Kazuma ndi za Darkness, msilikali wamkazi amene lupanga lake silimenya chilichonse. Wophunzira wina wa payunivesite analemba tsamba lathunthu kuti pamene Kazuma amagwiritsa ntchito luso lakuba n'kutengera mtsikana chovala chamkati, iye sanaseke, chifukwa anthu ochita zofanana nazo amakumana nawo m'minibasi. Anyamata ena anamuyankha kuti nkhaniyo imamuchititsa manyazi Kazuma mwiniwake, tauni yonse imamunena. Iye anabweranso n'kulemba kuti manyaziwo amatha tsamba lomwelo, nthabwala n'kubwerezedwanso m'magawo ena. Ndinaona kuti akunena zoona. Ndinaleka kubwereketsa mabukuwa kwa ana osafika zaka 16, ndipo wobwereka koyamba ndimamuuziratu kuti muli nthabwala za mtundu umenewo kuti asankhe yekha. Mtsikanayo anawerenga mpaka gawo lomaliza, ndipo ndi mmodzi mwa olemba bwino m'kope lathu.

Za kamasuliridwe zinabwera ndi amene anayamba aonera anime yake, ndiye kuti makatuni a nkhaniyi, imene inatuluka mu 2016. Iwo anazolowera kuti mtundu wa Megumin ndi Crimson Demon, pamene m'mabuku a Yen Press alembamo Crimson Magic Clan. Wina analemba mokwiya kuti womasulira anafewetsa dzinalo dala. Wina amene amaphunzira Chijapani payekha pafoni anafotokoza kuti chilembo chimene chili pakati pa dzinalo m'Chijapani chimatha kutanthauza chiwanda komanso matsenga, choncho onse awiri sanalakwitse. Kufotokoza kumeneku kunadzandithandiza m'njira imene sindinaiganizire. Mayi ena anabwera ndi buku m'manja, nkhope ili gwaa. "Achemwali, mwana wanga mukumupatsa mabuku a zausatana?" Ndinawapatsa mpando. Ndinawaonetsa kope, anawerenga zimene mwana wawo wa Fomu 4 analemba, Chingerezi chosalala masamba awiri, akudandaula kuti Kazuma amawononga ndalama akangoipeza. Sindinawabisire kuti m'nkhanimo muli ziwanda ndi milungu yopeka. Anakhala chete nthawi ndithu, kenako anati buku atenga akaliwerenge okha. Atabweza anati silinawasangalatse, koma mwanayo apitirize akamaliza mayeso. Ndinalemekeza zimenezo, ndipo mpaka mayeso atatha mwanayo sindinamubwereke.

Maganizo amene ndimawakonda koposa onse analemba ndi aphunzitsi ena a Chichewa a kusekondale, amene amabwera kudzapanga fotokope ya mayeso. Anati powerenga ankamva kuti pali china chimene Chingerezi chikutaya. M'Chijapani munthu amawonjezera san kapena sama kumapeto kwa dzina posonyeza ulemu, ndipo ali ndi mawu angapo onenera "ine", ena aulemu, ena amwano, ena achikalekale odzikweza. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokha. Aphunzitsiwo anati Chichewa chikanainyamula bwino nkhaniyi, chifukwa ife tili ndi iwe ndi inu, tili ndi "a" woika patsogolo pa dzina. Mulungu amene akufuna kuti azitchedwa "a Aqua" koma mnyamata akumuti "iwe" pamaso pa anthu, nthabwala yatha kale osawonjezera liwu. Pansi pake anamasulira okha kachigawo kakang'ono m'Chichewa kuti aonetse zimene akutanthauza. Tsamba limenelo lada ndi zala, ndipo anthu ena amabwera kudzawerenga lokhalo.

Kumbali ya ndalama, njira sinakhale yosalala. Mabukuwa amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo amadikira munthu wobwera pabasi kuchokera ku Johannesburg. Mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, magetsi ankathima maola ambiri. Makina a fotokope anangokhala, koma mabuku anatuluka onse pashelefu chifukwa mafoni analibe moto. Miyezi imeneyo ndalama yobwereketsa ndiyo inatigulira ufa. Kenako kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chomwecho, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Buku limodzi linafika pa mtengo woti liyenera kubwerekedwa kambirimbiri lisanabweze mpamba wake. Ambiri anandiuza kuti makina ndili nawo, ndingopanga fotokope makope asanu a gawo lililonse, kapena ndisindikize zomasulira zaulere zimene zimayenda pa WhatsApp. Ndinakana. Wolemba ndi womasulira anakhetsa thukuta, ndipo ine amene ndimadya za mabuku awo sindingawabere. M'malo mwake ndinakweza chikole, ndinayamba kukuta buku lililonse ndi pulasitiki, ndipo msana wake ndimamata selotepu lisanatuluke koyamba. Magawo awiri anapita osabwerera, limodzi ndi munthu amene anasamukira ku Lilongwe. Kuyambira pamenepo wobwereka watsopano amabwera ndi wakale womuikira umboni.

Kope linandiphunzitsanso kaodedwe. Poyamba ndinkathamangira magawo akutsogolo, poganiza kuti anthu akufuna zatsopano. Nditawerenga masiku ndi mayina ndinaona kuti mzere wautali umakhala pa gawo loyamba ndi lachiwiri, ndipo munthu akadikira masabata atatu osalipeza amagwa mphwayi osabweranso. Amene wadutsa gawo lachisanu, la kumudzi kwa Megumin, kawirikawiri amapirira mpaka kumapeto ngakhale adikire mwezi. Choncho magawo oyambirira ndili nawo awiriawiri, akutsogolo limodzilimodzi.

Pano tili pa kope lachinayi. Gawo lililonse lili ndi masamba ake, chifukwa wina analembapo mathero a nkhani pamalo oonekera ndipo anthu anakwiya kwambiri. Masamba a gawo 17 ndinawatseka ndi pini, ndipo amatsegula yekhayo amene wabweza bukulo. Mkatimo ena akuti mathero anafulumira, ena akuti Kazuma anamaliza monga mmene anayambira ndipo ndi zimene ankafuna. Mlongo wanga akubwera mu Disembala. Ndamuuza kuti asagule nkhani yatsopano, abweretse gawo loyamba lina, chifukwa limene anasiya pampando lija masamba ake apakati ayamba kuthothoka, ndipo mayina asanu ndi awiri akulidikira.