Mtanda wa pakhoma kuchokera ku jombo zakutha

Jombo yachikopa imayamba kutha kunsi. Soli imang'ambika, chidendene chimadyeka mbali imodzi, kuzala kumachita ming'alu, koma chikopa chimene chimakuta msongolo chimakhala chikadali cholimba. Chimenecho ndicho ndimakutira mtanda wathabwa, ndipo jombo ziwiri zimakwanira mtanda umodzi.

Ndimadula mozungulira pamwamba pa kakolo ndi mpeni wakuthwa, kenako ndimamasula msoko wam'mbali podula ulusi wokha kuti chikopa chitambasuke. Kansalu kam'kati ndimakasenda konse chifukwa guluu akagwira nsaluyo, chikopa chimadzatukuka. Chuku ndimachipukuta ndi viniga wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana, n'kuyanika pamthunzi. Chikopa chouma padzuwa kapena pafupi ndi moto chimauma gwa, ndipo pochipinda chimathetheka.

Apa ndimayang'anitsitsa podulidwa paja. Pakati pakaoneka motuwa mopita kubuluu, chikopacho chinafufutidwa ndi mankhwala a chromium, njira imene inatulukiridwa mu 1858 ndipo nsapato zambiri za masiku ano zimadzera momwemo. Chotere n'chofewa, chimatamuka, choncho ndimasamala kuti ndisachikoke kwambiri. Pakakhala pofiirira, nthawi zambiri chinafufutidwa ndi makungwa a mitengo. Ichi ndimachinyowetsa pang'ono n'kuchipsinja pakati pa matabwa usiku wonse, kukacha chili thyathyathya.

Thabwa sindilidula ndisanayeze chikopa. Jombo ndiyo imalamula kukula kwa mtanda, osati maganizo anga. Chikopa chikalola, mtanda ndimaupatsa masentimita 30 mulitali, 20 mopingasa, ndi 6 mulifupi mwa mkono uliwonse, ndipo chopingasacho chimakhala pa gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera pamwamba. Mbali zonse za chikopa ndimasiya masentimita 2 kuwonjezera pa kunenepa kwa thabwa, opindira kumbuyo.

Gawo limene limanditengera nthawi ndi kusankha podula. Ndimaboola katoni mofanana ndi mtandawo, n'kumaiyendetsa pamwamba pa chikopa, uku ndi uku, mpaka ndione chimene chikutulukira pabowopo. Ena amazemba makwinya ndi mabala. Ine ndimawafuna dala, makamaka paja pamene thalauza linkakhula mpaka mtundu kusuluka, ndiponso maluwa osokedwa a pa jombo za anthu okwera pamahatchi. Chikopa chosalala mbali zonse chimangooneka ngati chogula, ndiye kuvutika kuphwasula jombo kunali kwa chiyani?

Ndimadula mizere iwiri, wautali ku jombo imodzi, waufupi ku inayo. M'mphepete mwake ndimapala chakumbuyo kuti pakhale popyapyala, apo ayi pamakona pamatupa. Guluu ndi uja amagwiritsa ntchito osoka nsapato: kupaka pathabwa, kupakanso pachikopa, kudikira mphindi 10 mpaka 15 kuti asiye kukakamira chala. Zikangokhudzana zagwirana, palibe kusunthanso, ndiye ndimayambira pakati n'kumasisita cha kunja. Fungo lake limapweteketsa mutu, mazenera azikhala otsekula.

Mzere wopingasa ndiwo umayamba, woimirira n'kubwera pamwamba pake. Pamene awiriwa akumana ndimakwecha ndi sandipepala mbali yosalala ya mzere wapansi, chifukwa guluu sagwira pa polishi, ndipo zopindira kumbuyo ndimazichotsa pamenepo pokha. Pakatipo ndimaikapo kalamba kamene kanali kokokera jombo, kapena chomangira chachitsulo ngati chinalipo, n'kukhomera timisomali ta mitu yozungulira titabowoleratu, kuopa kung'amba thabwa.

Mafuta a zikopa amadetsa mtundu ndipo mtunduwo subwerera, choncho ndimayesa kaye pa kachidutswa kotsala. Kumbuyo ndimamatako nsalu yokhuthala yobisa mopindira, kenako ndimakhoma kokolowekera pakati penipeni pa mkono wapamwamba. Kakapatuka ngakhale pang'ono, mtanda umapendekeka pakhoma.