Vidiyo yathu ija: kolasi inatsala pang'ono kutimwaza

Vesi yoyamba tajambula yonse, kolasi yoyamba yatheka, zatsala ndi vesi yachiwiri, makolasi awiri enawo, ka bridge ndi mathero. Kwa amene mwangobwera kumene, iyi ndi vidiyo ya nyimbo ya mnzathu wa m'kalasi, tikujambulira foni basi, kuedita pa app ya CapCut, drone kulibe, ma light ndi dzuwa la Mulungu lomweli.

Nkhani yake ndi ya mnyamata wa Sacramento, kabaza wa kuno ku Mzuzu, wopalasa njinga kuti apeze fizi. Nyimboyo ikukamba zoti wachikondi amudikire, koma ife sitinafune kuonetsa mkazi ataima pawindo akulira ngati mavidiyo ena aja. Andrew Goodwin, yemwe analemba za mavidiyo a nyimbo mu 1992, amati chithunzi chimatha kungobwereza mawu a nyimbo, kapena kuwakuza powonjezera tanthauzo lina, kapena kutsutsana nawo dala. Ife tasankha chapakaticho. Wodikirayo m'vidiyo ndi mlongo wake wamng'ono amene nayenso sukulu yake ili pa njinga yomweyo.

Pa pepala tinatsata Todorov, katswiri wa kamangidwe ka nkhani, ndipo zinkaoneka zophweka zedi: zinthu zili bwinobwino, kenako china chisokoneza, munthu azindikira, alimbana kuti akonze, mapeto ake bata limabwera koma latsopano, osati lija la poyamba. Kwathu bata ndi m'mawa pa siteji ku Katoto, makasitomala akukwera, chisokonezo ndi njinga kubedwa. Koma aise Todorov ankaganiza za nkhani yoyenda chamtsogolo, pomwe nyimbo imabwerera mmbuyo, kolasi yomweyo katatu mu mphindi zitatu ndi theka, ndiye nthawi iliyonse ikabwera nkhani imaima nji, woyimba nayenso amafuna pa kolasi pomwepo ndipo aoneke nkhope akuvina atavala jekete yake ija. Mkangano unakula mu gulupu, ena akuti kolasi ikhale ya performance basi nkhani izidikira, ena akuti tidule nyimbo, mwini nyimbo kumva zodulazo anachita ngati tamutukwana.

Chomwe chinatimasula ndi nthano zathu zomwe. Mukakumbukira agogo akamafotokoza, pakati pa nthano pamakhala kanyimbo komwe kamabwera kangapo, mawu omwewo, koma pofika ulendo wachitatu zinthu zasintha kale ndiye kanyimboko kamamveka mwina. Ndiye tachita chimodzimodzi. Makolasi onse atatu malo amodzi, kamera pamalo pomwepo, pa siteji. Koyamba jahman wathu wa Sacramento uja ali pa njinga, anzake akuseka. Kachiwiri waima pansi, m'manja muli loko wodulidwa, anzake akunyamula makasitomala omwe anali ake. Kachitatu akukankha njinga yolumikiza, mtundu wa fulemu wina, wa keliyala wina. Woyimba wakhala m'modzi mwa anyamata a pa siteji, akuyimba ali kumbuyo, nkhope ikuoneka, iyenso wakhutira. Ine ndikuona kuti apa ndi pomwe chiphunzitso cha Todorov chija chatithandiza zenizeni, bata lomaliza lisafanane ndi loyamba, ndipo owonera azindikira okha chifukwa shoti ndi yomweyo.

Katswiri wina wa nthano, Propp, ndiye sitikumutsata kwambiri. Iye mu 1928 anasanthula nthano za ku Russia n'kupezamo zochitika 31 ndi maudindo 7, ngwazi, mdani, wothandiza, wopereka mphatso ndi ena, koma kuti onsewo muwathire mu vidiyo yaifupi chonchi mupanga chipwirikiti. Komanso ndiuzeni, Kalulu mungamuike pati pamenepo, sinanga ndi ngwazi yemweyo wakuba yemweyo. Tangotengako wopereka mphatso, mdala wokonza njinga amene akumupatsa fulemu yakale. Wakubayo nkhope sitiionetsa, miyendo yokha ndi tayala likuchoka, funso likhale m'mutu mwa owonera mpaka pamapeto, zomwe katswiri wina, Barthes, analemba kuti zimapangitsa munthu kufuna kudziwa mathero.

Chovuta china ndi nyengo. Mzuzu mukuidziwa, m'mawa chifunga choti tsidya la msewu osaliona, ikamakwana 10 dzuwa, masana kamvula kowaza. Kolasi yoyamba inajambulidwa dzuwa lili phwee, ndiye yachiwiri tagwirizana kuti tidzuke mbandakucha tiipeze mu chifunga dala, kuzizira konseko kugwire ntchito. Yachitatu sitinamvanebe, wa kamera akufuna madzulo dzuwa likulowa, ine ndikuona ngati zikhala zokoma mopitirira, mnyamatayu sanalemere ayi, wangobwerera pa msewu ndi njinga yobwereka mbali zina.

Loweruka tili ku Chibavi kujambula za kwa mdala uja. Amene ali ndi fulemu ya njinga yakutha, yadzimbiri bwino, yopanda matayala, andipeze ku inbox, tibweza tikamaliza.